Thupi la Achimwene, Mutu wa Munthu Wina

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku msasa wa othawa kwawo ku Malawi, koma banja lathu silinakhalenso pamodzi. Bambo ndi mayi anakwera ku Zobwe kukalambula munda wakale umene unali utasanduka tchire, ndipo bambo anayambiranso ukulu wawo wa mpingo. Ine ndinatsikira ku Moatize ndi makina osokera amene ndinaphunzirira ku msasa kuja. Mwini loja, sitolo ina ya pamsika, anandilola kukhala pakhonde pake, ndipo pamenepo ndinkapinda makapulana, ndiye kuti zitenje, kuika zigamba ndi kusoka zovala za ana a sukulu.

Achimwene anabwera pambuyo pake. Iwo sanathawe nafe. Anagwidwa akadali mnyamata akuchokera kumunda, ndipo zaka zonse za nkhondo anathera kutchire atanyamula mfuti. Powachotsa usilikali anawapatsa khasu, ndowa ndi kathumba ka mbewu. Ku Zobwe anakhalako miyezi iwiri yokha. Anthu ankawapatsa moni ali chapatali, ndipo pamaliro palibe ankafuna kukhala nawo mphasa imodzi. Anatsikira kwa ine, ndinawapatsa kachipinda kakuseri.

Moatize wa masiku amenewo anali wogona. Njanji ya ku Beira inali yakufa, mabogi akuchita dzimbiri pamalo amodzi, migodi ya malasha ikugwira ntchito mwa apo ndi apo. Amuna ankaswera pansi pa mitengo ya masawu kudikira zimene sankazidziwa. Achimwene ankasenza matumba pamsika. Anali wamtali, wa chifuwa chotambalala, ndipo anali ndi chipsera chochokera pansi pa diso lakumanzere kutsikira kuchibwano. Sankayankhula kawirikawiri. Akamadutsa pakati pa mabenchi, amayi ogulitsa matimati ankasiya nkhani mpaka apitirire.

Tsiku lina m'nyengo yotentha panaima kamiyawu, galimoto yaikulu ya katundu, yopakidwa utoto wobiriwira ndi wachikasu, ili ndi chimkuzamawu padenga. Inali ya kompaniya ina yogulitsa mapilya, mabatire a wailesi ndi a tochi. Munatsika mwamuna wonenepa wa ku Beira, amene tonse tinadzazolowera kumutchula kuti patarawu, kutanthauza bwana. Anafika pakhonde panga atanyamula jumbo, nakhuthulira zimene zinali m'menemo pamakina anga.

Chinali chovala chimene ndinali ndisanachionepo. Malaya ndi buluku zinali zolumikizana, za nsalu yoterera yotanuka, zobiriwira, ndipo pachifuwa anasokererapo chithunzi cha pilya lalikulu. Panalinso chinsalu chachikasu cholendewera kumsana, lamba wotambalala, ndi chigoba cha labala chophimba mutu wonse kusiya maso ndi kamwa.

Patarawu anandifotokozera m'Chipwitikizi chosakaniza ndi Chisena. Anati m'mayiko a azungu muli timabuku ta ngwazi zovala motere, zouluka ndi kugwira akuba, ndipo kompaniya yake inapanga ngwazi yakeyake yoti iziyenda m'misika kutsatsa mapilya. Munthu amene ankavala chovalacho anathawa ali ku Tete chifukwa cha kutentha. Zipi inali itathyoka. Ankafuna kuti ndikonze, kenako akafune munthu wina.

"Munthu wotani?" ndinafunsa.

"Wamtali, wamphamvu, wosalongolola."

Nthawi yomweyo achimwene ankadutsa atasenza thumba la chimanga paphewa limodzi. Ndine ndinawaloza. Palibe anandikakamiza. Ndinatukula dzanja langa ndekha n'kunena kuti, "Uyo ndi mlongo wanga." Zaka zonsezi ndakhala ndikulikumbukira dzanja limenelo.

Chovalacho chinawachepera. Chinasokedwera munthu wa m'tauni wa mapewa opapatiza. Ndinasula misoko ya m'mbali, kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, n'kulowetsamo zidutswa za nsalu yobiriwira imene ndinaisunga kuti ndidzasokere mayi diresi. Mtundu wake sunafanane ndendende, unali wodera pang'ono. M'ntchafu ndinachitanso chimodzimodzi. M'khosi ndinaikamo kansalu kofewa kuti labala wa chigoba asamawapweteke pachipsera. Ntchito imeneyi inanditengera masiku awiri, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse.

Atavala koyamba kuseri kwa loja, anaima nji, manja ali lende, ngati munthu amene wamangidwa.

"Mlongo, ndikuoneka ngati chiyani?"

"Mukuoneka ngati munthu wa ntchito," ndinayankha, ndikudziletsa kuseka.

Ntchito yake inali yotere. Kamiyawu ikafika pamsika, woyendetsa ankaika kaseti ya nyimbo. Anthu akasonkhana, achimwene ankatuluka m'bokosi lalikulu la matabwa kumbuyo kwa kamiyawuyo, n'kutambasula chinsalu chachikasu chija. Ankanyamula mgolo wopakidwa utoto ngati pilya n'kuukweza pamwamba pa mutu. Kenako amuna awiri ovala zisanza, amene ankakhala ngati akuba, ankabwera kudzalanda wailesi ya mayi wina, ngwazi n'kuwagwira m'makosi onse awiri. Pomaliza ankaponya zipewa ndi timapepala kwa anthu. Lamulo linali limodzi: asayankhule ndipo asavule chigoba. Mawu a ngwazi ankachokera m'kaseti, Chipwitikizi chosalala cha munthu wa ku likulu, ndipo achimwene ankangogwedeza mutu ndi manja motsatira.

Anthu a ku Moatize anali asanasekepo pamodzi kwa zaka zambiri. Anaseka. Amayi omwe aja a matimati ankakankhana kuti agwireko chinsalu cha kumsana. Agogo ena anawapatsa dzira lowiritsa. Kamiyawu inkapita ku Chipanga, ku Bagamoyo, mpaka ku Nkondezi, ndipo kulikonse anthu ankaithamangira m'fumbi. Madzulo achimwene ankabwera chovala chili chonyowa ngati achiviika mumtsinje, khungu lawo litatuluka tizilonda ta thukuta m'khwapa ndi kumsana. Ndinkachapa chovalacho tsiku lililonse, madzi ake n'kuda bii ndi fumbi la malasha, ndipo ndinkachiyanika m'nyumba kuti anthu asadziwe kuti ngwazi imagona kwathu.

Koma munthu anasintha. Anayamba kudya bwino. Anayamba kuimba mluzu posamba. Tsiku lina tikudya anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Ukudziwa, mlongo, ndikakhala m'menemuja palibe amene amafuna kudziwa kumene ndinali. Lero mayi wina wandipatsa khanda lake kuti ndinyamule. Wandipatsa yekha."

Anatambasula manja awo n'kumawayang'ana, ngati khandalo likadali pomwepo.

Patatha miyezi itatu, patarawu anabwera ndi nkhani yatsopano. Kompaniya inafuna kutulutsa kabuku ka nkhani ya ngwaziyo, osati kojambula pamanja, koma ka zithunzi zenizeni za kamera, mawu a anthu atalembedwa m'timizere tozungulira pafupi ndi pakamwa pawo. Anabweretsa wojambula wa ku Beira, mwamuna wowonda wosuta fodya kosalekeza. Wojambulayo anakana kujambulira ku Moatize. Anati kulibe chokongola, n'fumbi lokhalokha. Ankafuna mapiri ndi miyala. Choncho anasankha ku Zobwe, kwathu.

Anandiuza kuti ndipite nawo ndi singano ndi ulusi, kuopa chovala chingang'ambike. Tinanyamuka m'mawa, tinakwera msewu wa kumalire mpaka mphepo inayamba kuzizira. Zithunzi za m'kati mwa kabuku anajambula masiku awiri, pamsika wa pamalire ndi m'minda ya mbatata ya kachewere. Tsiku lachitatu linali la chithunzi cha pachikuto. Tinakwera pathanthwe lina lalikulu loyang'ana kuchigwa.

Wojambula anayang'ana m'kamera yake kanthawi, kenako anati, "Vula chigobacho. Uchigwire m'dzanja. Pachikuto ngwazi iyenera kuoneka nkhope."

Achimwene anacheukira kwa patarawu, patarawu anagwedeza mutu kuvomereza. Anavula pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali yotuwa ndi thukuta louma. Ndinathamanga ndi kansalu konyowa kukawapukuta, ndinawadzoza mafuta, ndinawapesa tsitsi ndi chipeso changa.

"Ndiye kuti ndidzaoneka ineyo?" anafunsa.

"Iweyo," anatero patarawu. "Dziko lonse, mpaka ku Maputo."

Wojambula ankafuna kuti aoneke ngati akuuluka. Anawauza kuti azilumpha kuchokera pamwala wina kugwera pansi pomwe panali udzu, dzanja limodzi lili m'mwamba, chinsalu chikuuluka kumbuyo. Analumpha. Wojambula anati chinsalu chinapindika. Analumphanso. Anati dzuwa linabisika. Analumpha kambirimbiri, ine ndinasiya kuwerenga. Ulendo womaliza anatera pakamwala kobisika mu udzu, ndipo ndinamva bondo lawo likulira. Anadzuka osadandaula, anafunsa ngati chithunzi chatuluka bwino. Wojambula anati chimenecho ndiye chabwino kuposa zonse.

Ku Zobwe chinsinsi sichikhala. Anthu amene ankatola nkhuni m'phirimo anawaona atavula chigoba, ndipo tisanatsike n'komwe nkhani inali itafika kwa bambo. Tinawapeza atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Mayi anatilandira, koma bambo sanatipatse mpando.

"Ndamva kuti chilombo chimene chimavina pamsika dzana ndi mwana wanga," anatero.

"Si chilombo, bambo. Ndi ntchito yotsatsa mapilya."

"Munthu wobisa nkhope, wosayankhula, wovina pagulu anthu akumuombera m'manja. Kwathu kuno timamutcha chiyani?"

"Palibe dambwe pamenepa. Ndi kompaniya."

"Ine ndaimitsa mgonero ana a anthu ena chifukwa chongoonerera gule. Lero ndikaime bwanji kutsogolo?"

Ndinayesa kulowererapo. Ndinati chovalacho ndinasoka ndine, ndi nsalu chabe ndi labala. Bambo sanandiyang'ane n'komwe. Achimwene anagwada pa bondo lawo labwino lija, linalo atalitambasula.

"Bambo, dikirani kabuku katuluke. Mudzaona nkhope yanga poyera, yosabisa. Anthu onse adzadziwa kuti ndine munthu wogwira ntchito yooneka. Mudzakaonetse akulu anzanuwo."

Bambo anati bwalo la akulu ampingo lidzakhala Loweruka, ndipo iwo sadzamuteteza. Linakhaladi, ndipo achimwene anaimitsidwa mgonero. Anali atangobwezeredwa kumene ku mgonerowo atachoka kunkhondo, pambuyo pa maphunziro a miyezi yambiri amene ankachitira ku Moatize.

Tinabwerera ku Moatize kukadikira kabuku. Bondo linatupa, koma ntchito sanasiye. Ndinkawamanga ndi nsalu molimba asanavale buluku, ndipo pakamiyawu ankayesetsa kuti asaoneke kutsimphina. Kamiyawu ikabwera kuchokera ku Tete ankafunsa woyendetsa ngati makatoni afika. Anauza anzawo awiri osenza matumba chinsinsi chonse, nawalonjeza kabuku aliyense. Anagula felemu yagalasi kwa kalipentala, yopanda kanthu, n'kuikoleka m'chipinda mwawo.

Makatoni anafika mvula itayamba. Woyendetsa kamiyawu ndiye anabweretsa kabuku kamodzi pakhonde panga. Anangokaika pamakina n'kubwerera msanga.

Chikuto chinali chamitundu, chonyezimira. Ndinaona thanthwe la ku Zobwe, chigwa kumbuyo kwake, mitambo. Ndinaona munthu ali m'malere, dzanja m'mwamba, chinsalu chachikasu chitatambasuka bwino. Ndinaona zidutswa zanga zodera zija m'mbali mwa chifuwa. Dzanja logwira chigoba linali la achimwene, ndi chala chawo chaching'ono chopindika. Koma mutu sunali wawo. Unali wa mwamuna wina woyererako, wa tsitsi lopesedwa mzere, wa mano oyera ondondozana, akumwetulira. Ndinayandikitsa kabuku kumaso. Pakhosi, pamwamba pa kansalu kofewa kamene ndinasokerera, panali kamzere kopyapyala pamene anadula chithunzi ndi kumatapo china. Khosi linali lakuda, nkhope yofiirira. Sanavutike n'komwe kufananitsa.

Ndinaganiza zokabisa. Ndinakaika pansi pa nsalu za makasitomala, kenako ndinazindikira kuti makatoni ali ndi timabuku tambirimbiri ndipo mawa tidzakhala paliponse. Achimwene atafika masana, ndinawapatsa m'manja.

Anakayang'ana nthawi yaitali ataimirira. Anatsegula masamba a m'kati, mmene anali ovala chigoba, anawaona limodzi limodzi, n'kubwereranso pachikuto.

"Ameneyu ndani?"

"Sindikumudziwa."

"Walumphapo pamwala paja?"

Anandipempha kuti ndiwawerengere mawu a pansi pa chithunzi, chifukwa Chipwitikizi cholembedwa chinkawavuta. Panalembedwa kuti ngwazi yaulula nkhope yake kwa nthawi yoyamba.

Tinapita limodzi kumene patarawu ankagona, kunyumba ya alendo ya pafupi ndi msewu waukulu. Tinamupeza akudya nkhuku pakhonde. Ataona kabuku m'manja mwa achimwene, anapukuta zala zake n'kuusa moyo ngati ife ndife tikumuvutitsa.

"Si ine ndinasankha," anatero. "Zithunzi zinapita ku likulu. Mabwana anaona nkhope yako n'kunena kuti singagulitse mapilya."

"Yalakwa chiyani?"

"Ndi nkhope ya nkhondo. Anthu atopa nayo nkhondo, akufuna kuiwala. Chipsera chimenecho chikhoza kuopsa ana."

"Munandiuza kuti ndidzaoneka ine."

"Waoneka. Thupi lonseli ndi lako, masamba onse a m'katimu ndiwe. Ukudandaula kachidutswa kakang'ono."

Ine ndi amene ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti munthuyu anachotsedwa mumpingo, ngati akudziwa za bondo. Anandiyankha mofatsa kuti za mpingo si za kompaniya, ndipo ngati mlongo wanga watopa, pansi pa mitengo ya masawu pali amuna ambiri amene angakonde kuvala chovalacho. Kenako anatembenukira kwa achimwene n'kuwauza kuti Loweruka kuli ntchito yaikulu pamsika wa Moatize, yogawa timabuku.

Pobwerera ndinawauza kuti asapite. Ndinati ndikwanitsa kudyetsa tonse awiri ndi makina. Anayenda kamtunda akukoka mwendo.

"Ndikasiya ndibwerera kumatumba," anatero. "Ndi bondo ili?"

Loweruka anavala. Ndinawamanga bondo, ndinawatsekera zipi kumsana. Msika unadzaza kuposa masiku onse, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kukugawidwa timabuku taulere. Ine ndinaimirira pakhonde panga, pomwe ndinkaona kamiyawu bwinobwino. Kaseti inalira, ngwazi inatuluka m'bokosi, inanyamula mgolo, inagwira akuba. Kenako anayamba kugawa timabuku, anthu akulimbirana.

Amene analandira anayamba kuyang'ana chikuto, n'kuyang'ana munthu wa pakamiyawu. Mtsikana wina anakuwa kuti avule chigoba amuone mnyamata wokongolayo. Ena anavomereza. Posakhalitsa msika wonse unkaimba kuti avule, avule, akuomba m'manja mwachisangalalo. Achimwene anagwedeza chala kukana, monga anawaphunzitsira. Anthu anaona ngati ndi mbali ya sewero, anakuwa kwambiri. Mwamuna wina amene anali atamwa anakwera pa tayala la kamiyawu chakumbuyo, anagwira chigoba pamwamba n'kuchisolola.

Phokoso linatha kaye. Nyimbo yokha ndi imene inkapitirira, ndi mawu a m'kaseti akulonjeza kuti mapilya awa satha msanga. Achimwene anaima pamenepo, nkhope ili yonyowa, tsitsi litaphwatalala, chipsera chikunyezimira padzuwa.

"Si yemweyu," anatero mayi wina, akuloza pachikuto.

"Ndi wosenza matumba uja."

"Atibweretsera wabodza. Weniweni watsala ku Maputo."

Kenako anaseka. Sikunali kuseka kwa masiku aja. Wina anaponya chikonyo cha chimanga, china chinatsatira. Mwamuna wina anakuwa kuti chigawenga chavala zovala za ngwazi. Amayi amene ankagwira chinsalu chachikasu miyezi yonseyi anabwerera m'mbuyo, akukokera ana awo kumbuyo kwa makapulana. Anzawo awiri aja osenza matumba, amene ankadziwa zoona, ndinawaona ataima pafupi ndi mulu wa makala. Sanatsegule pakamwa. Inenso sindinatsegule. Ndinali ndi kabuku m'manja, ndikanatha kukwera pamenepo n'kuonetsa anthu chala chopindika chija, zidutswa zanga, kamzere ka pakhosi. Sindinakwere. Ndinkaopa kuti andiseka nanenso, ndipo mawa palibe adzabweretse nsalu pakhonde panga.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti achimwene amenya munthu. Woledzera uja anali pafupi, akuvina ndi chigoba m'manja, ndipo dzanja limodzi la achimwene likanamukwanira. Sanamukhudze. Anatsika pakamiyawu mosamala, mwendo wabwino patsogolo, n'kudutsa pakati pa anthu. Anthu anawapatukira. Anayenda msewu wonse wopita kunyumba atavala zobiriwira zija, chinsalu chikukwekwereza m'matope.

Nditafika kunyumba ndinawapeza atakhala pamphasa, akadali chivalire, chifukwa zipi ya kumsana sankaifikira okha. Ndinawatsegulira. Ndinawatenthetsera madzi.

M'mawa mwake woyendetsa kamiyawu anabwera ndi uthenga wa patarawu. Anati popeza anthu a kuno aidziwa nkhope ya achimwene, sangagwirenso ntchitoyo, ndipo chovala chibwezedwe chochapa. Ndinamuuza kuti abwere madzulo. Ndinatenga lezala, ndinakhala pakhomo, n'kusula msoko uliwonse umene ndinasoka. Ndinachotsa zidutswa za m'mbali, za m'ntchafu, kansalu ka m'khosi, ngakhale zipi imene ndinaikamo. Ndinamupatsa chovala chili chotseguka mbali zonse ngati chikopa cha mbuzi. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, anachipinda n'kumapita. Mtima wanga sunatsike ngakhale pang'ono.

Timabuku tija tinakhala mu Moatize nthawi yaitali. Masamba a m'kati ankakulungira mtedza ndi nsomba zouma. Chikuto anthu ankachisunga, chifukwa chinali chokongola. Ndinkachiona chitamatidwa m'mabala, m'nyumba zometera, pagalasi la minibasi. Atsikana ena amene ankabwera kudzasoketsa madiresi ankakambirana za mnyamata wa pachikutoyo, kuti ali ndi thupi labwino. Ine ndinkangopalasa makina.

Patapita milungu ingapo mayi anatuma uthenga kuti achimwene akwere ku Zobwe. Kabuku kanali katafikanso kumeneko. Ndinaganiza kuti mwina kawathandiza, popeza pachikuto panali munthu wina, koma akulu ampingo anati anthu anawaona ndi maso pathanthwe paja, ndipo tsopano pawonjezekanso nkhani ya kunamiza anthu. Njira inali imodzi, kulapa pamaso pa mpingo. Ndinawauza achimwene kuti palibe chimene analakwa. Anandiyankha kuti atopa kukhala panja pa chilichonse.

Ndinapita nawo. Linali Lamulungu lozizira, nkhungu itaphimba phiri. Pambuyo pa ulaliki bambo anaimirira ndi pepala m'manja n'kuitana dzina la mwana wawo ngati akuitana mlendo. Achimwene anatsimphina kupita kutsogolo atavala jekete lobwereka limene silinkamangika mabatani. Bambo anawerenga mlandu: kuvala chigoba, kuvina pagulu, kudzionetsa ngati munthu amene sali. Anawafunsa ngati akuvomera.

"Ndikuvomera."

Anawafunsa ngati akulonjeza kusabwerezanso.

"Ndikulonjeza."

Mawu a bambo ananjenjemera pofunsa funso lachiwirili, koma anawerenga mpaka pamapeto. Mpingo unaimba nyimbo yolandira wolapa. Mayi ankalira mwakachetechete pambali panga. Ine sindinaimbe. Ndinkayang'ana anthu amene ankaimbawo, ambiri a iwo ndinawaona ndi maso anga akuthamangira zipewa pamsika wa pamalire.

Achimwene sanabwererenso ku Moatize. Anatsala ku Zobwe, bambo anawadulira gawo la munda, ndipo anayamba kulima mbatata ndi kabichi. Bondo silinapole. Polima ankagwada mwendo umodzi, ndipo m'miyezi yozizira ankayenda ndi ndodo asanafike n'komwe zaka makumi anayi. Anakwatira mayi wina wamasiye wa mumpingo momwemo, munthu wabwino, ndipo ali ndi ana atatu. Kompaniya ya mapilya inapitiriza ndi ngwazi yake kwa zaka zingapo m'maboma ena, kenako mapilya otchipa a kunja anadzaza m'misika ndipo sitinaimvenso.

Migodi itatsegulidwanso ndipo Moatize atadzaza magalimoto ndi alendo, ndinawauza achimwene kuti atsike, mwina angapeze ntchito ya ulonda. Anakana. Ndikapita kukawaona timakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za matenda a mayi. Kamodzi kokha ndinayambitsa nkhaniyi, tikukumba mbatata. Ndinawapepesa chifukwa chowaloza tsiku lija, ndi chifukwa chokhala chete pamsika. Anapitiriza kukutumula dothi ku mbatata, n'kuziponya mudengu.

"Miyezi imene ija inali yabwino, mlongo," anatero. "Usaidandaule."

Iwo akhoza kunena choncho. Ine ndikadali wokwiya, ndipo ndakalamba nawo mkwiyowo. Tinamaliza mzere umenewo, ndinawathandiza kudzuka, ndipo tinanyamula dengu mbali ndi mbali kutsikira kumudzi.